Mkalasi mwanga muli wophunzira wosaona, ndiyambire pati?

Admin chonde dzina langa lisaoneke.

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa statistics pa koleji ina yapulayiveti muno mu Lilongwe, kalasi ya weekend ya anthu apantchito. Semesita ino muli mnyamata wosaona ndiye palibe anandiuza, ndinangomupeza tsiku loyamba wakhala kutsogolo ndi ndodo yake yoyera. Ine chizolowezi changa manotsi ndimangojambula masamba ndi foni nkuponya pa gulu la WhatsApp basi. Patha masabata atatu ndi pomwe wandiuza mwaulemu kuti madam zithunzi zija foni yanga siwerenga, chiyambireni sindinawerengepo kanthu. Manyazi ake inu! Komanso pa bolodi ndimangoloza kuti ichi muchotse apa mugawe ndi ichi, nanga iyeyo ichi ndi apa azidziwa bwanji? Mulinso mtsikana wachialubino amakhala kutsogolo komabe amajambula bolodi nkumakulitsa pa foni, ndi bambo ena achikulire ndikuwakayikira kuti samva bwino koma sananene. Ku ofesi ndinapita anati tiona, mpaka lero akuonabe. Mayeso apakati pa semesita ndi mwezi wamawa.

Ndemanga

Membala wa ku Area 25: Madam ine ndine wosaona, digiri ndinamaliza movutika chomwechi. Choyamba mufunseni mwini wake, musamuganizire. Si wosaona aliyense amadziwa Braille, makamaka amene maso anasiya atakula kale, ambiri timadalira foni ndi laputopu. Pa Android pali TalkBack, pa iPhone VoiceOver, pa laputopu NVDA ndi yaulere pomwe JAWS ndi yogula. Onsewa ndi mapulogalamu otiwerengera mokweza, amawerenga bwino mawu otayipa koma chithunzi chimawavuta, ndipo PDF yochita sikani ndi chithunzi chomwecho chabe chavala jekete. Yesani kusankha mawu ndi mausi ngati mukufuna kukopa, akakana dziwani kuti kwa ife pepalalo ndi loyera. Tayipani mu Word, mitu muziika ndi ma Heading enieni aja osati kungokulitsa zilembo, chifukwa ndi amene timadumphira pofufuza. Manambala mpatseni mu Excel koma osaphatikiza ma cell, amatisokoneza koopsa. Ndipo muzitumiza Lachinayi kalasi isanafike kuti Loweruka azibwera atamvera kale.

Mphunzitsi wa special needs: Ndinaphunzira ku Montfort, koleji ya aphunzitsi a special needs ku Chiradzulu. Za ma graph musadandaule, katoni, ulusi ndi guluu zatha. Ulusi ndiye mizere, njere za nyemba ndiye madontho, histogram (graph ya timizati togundana) dulani timakatoni totalika mosiyana mumate, azikhudza ndi zala. Mudzadabwa oona omwe akulimbirana katoniyo. Mtsikanayo msindikizireni zilembo za saizi 18 kupita mtsogolo, pa bolodi maka yakuda yatsopano osati zofiira zotha inki zija, ndipo asakhale moyang'anizana ndi windo, kuwala kumamupweteka maso. Bambowo musawafunse pagulu angachite manyazi. Ingosiyani kuyankhula mutapatsa kalasi nkhongo, amawerenga milomo, ndipo wina akafunsa funso kumbuyo muzilibwereza.

Membala wina: Koma zonsezi pa ndalama ya ganyu? Amakulipirani pa ola madam, kutayipa manotsi a semesita yonse adzakulipirani ndani? Anthu otere bwenzi akupita ku sukulu zawo.

Membala wa ku Area 25: Achimwene sukulu zathu ziti? Tchulani yunivesite ya osaona okhaokha ku Malawi kuno ndikalembetse masters. Fizi timalipira yofanana ndi yanu.

Mayi wa ku Kawale: Pa ndalama paja akunena zoona pang'ono, katunduyu si wa madam okha. Koleji inalandira fizi ndiye ikonze. Lamulo lilipo, la 2012 lija linalowedwa m'malo ndi la 2024 la anthu aulumali, lomwenso linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Siyani zopita pakamwa, lembani kalata kwa registrar musunge kope, mutchule zomwe zikufunika pa mayeso. Mnyamatayo alumikizanenso ndi Malawi Union of the Blind kapena FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), mtsikanayo APAM (bungwe la anthu achialubino), akalankhula amabungwe ma ofesi amadzuka msanga kusiyana ndi lekichala waganyu.

Lekichala mnzanu: Pa mayeso nthawi yoonjezera ndi yofunika, kumvetsera tebulo la manambala kumachedwa kusiyana ndi kuliona. Alembere pa laputopu yotchajidwa bwino poti magetsi athuwa mukuwadziwa, kapena womulembera koma asakhale wa kosi yomweyo. Funso loti jambula histogram lisinthe, afotokoze ma interval, ma frequency ndi mbali yomwe yapendekera. Musamufewetsere, mukuyesa statistics osati luso lojambula. Ine manotsi otayipa anandipulumutsanso kwa odandaula bandulo, fayilo ya Word ndi yopepuka kuposa zithunzi 30.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndayankhula naye dzulo pa foni. Braille amadziwa koma akuti laputopu ndiye bwino, NVDA ali nayo kale, amangodikira ine kkkk. Chaputala choyamba ndatayipa usiku, class rep wavomera kugawa enawo kwa anzake anayi. Kalata ndikasiya Lolemba. Chatsala ndi ma formula, zizindikiro za sigma ndi x bar zija ndizilemba bwanji kuti zimveke?

Membala wa ku Area 25: Pansi pa formula iliyonse lembani m'mawu, mwachitsanzo mean (x bar) ndi kuphatikiza ma x onse nkugawa ndi n, chiwerengero cha ma x wo. Mkalasinso muzitchula choncho osati ichi ndi apa. Mukatayipa tsamba limodzi mtumizireni ayese kaye musanapange onse.