Thandizeni pa recoil ya AK-47 mu CS 1.6

Anzanga amene mumasewera gemu ya pakompyuta yoomberana ya Counter-Strike 1.6 chonde ndithandizeni, AK-47 yandivuta kwabasi. Zipolopolo ziwiri zitatu zoyamba zimapita bhobho koma ndikangopanikiza batani osasiya mfuti imakwera m'mwamba kenako imayamba kupita uku ndi uku (recoil ndikunenayo ndi imeneyi), pofika pakati pa magazini ya 30 ija ndimakhala ndikuombera khoma basi munthu ali chiimire. Zokokera mausi pansi ndikuzidziwa, nanga mbali yopita kumanja ndi kumanzere ija inu mumaigwira bwanji? Poti mu 1.6 siyenda chimodzimodzi nthawi zonse ngati mu CS:GO (Counter-Strike ina yomwe inatuluka pambuyo pake) ndiye kuloweza sikukundithandiza kwenikweni.

Ma setting anga ali chonchi, sensitivity (liwiro la mausi mu gemu) 2.5 pa mausi ya 800 DPI, fps_max 100, m_filter 0, cl_dynamiccrosshair 0, ndipo Enhance pointer precision ya Windows ndinaizimitsa. Za netiweki ndi rate 25000, cl_updaterate 101, cl_cmdrate 101 ndi ex_interp 0.01. Kodi sensitivity imeneyi yakwera kwambiri? Komanso ndikaika setting ya mausi ya m_rawinput 1 kodi -noforcemaccel (ina ya mausi yoika poyambitsa gemu) ikufunikabe kapena ndingoichotsa?

Chomwe chikundipweteka kwambiri ndi long A, njira yaitali ija ya pa map ya de_dust2, patali paja mumaombera chimodzichimodzi kapena zitatuzitatu? Ena akuti uzinjuta kaye kuti zipolopolo zisamwazike, zoona zimathandiza koma ukanjuta wa AWP (mfuti yoombera patali) amakutola mosavuta. Ine sindikufuna kuthawira ku mfuti ina ija ya M4A1, ndikufuna AK yomweyi ndiidziwe bwinobwino. Amene muli ndi config yabwino kapena map yophunzirirapo tandiuzeni.