Mphwanga amaimba kiyibodi kutchalitchi Lamulungu, Lachisanu kumalo omwera mowa: ndimuletse?

Tsibweni wa ku Zingwangwa:

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndikulera mwana wa malemu mlongo wanga, mnyamata wa zaka 22. Kiyibodi anaiphunzirira kutchalitchi kwathu ali sitandade 6, ndipo pano ndiye amaimbira kwaya ya achinyamata. Chaka chatha anzake anamutengera mu bandi imene imaimba Lachisanu usiku pamalo ena omwera mowa ku Limbe. Kangachepe kamene amapeza kumeneko ndiko akulipirira fizi ya mlongo wake wa fomu 3. Tsono akulu a mpingo anandiitana n'kundiuza kuti mnyamatayo asankhe chimodzi, kwaya kapena bandi.

Ndisanamuuze kanthu ndinapita kukadzionera ndekha. Ine mowa sindilawa, choncho ndinagula Fanta n'kukhala pakona pafupi ndi khomo. Nyimbo zovina zinapita zingapo, kenaka cha m'ma 11 koloko woimba anayambitsa nyimbo ija timaimba potsitsira bokosi m'manda. Bambo wina wovala ovololo anaika botolo lake pansi, anavula kapusi, n'kuyamba kuthira besi misozi ili chuchuchu. Bala yonse inalandira. Mphwangayo anali atatsinzina, mutu atapendeketsa, ndendende mmene amachitira pa tsiku la mgonero. Ndinabwerera kunyumba ndi mitima iwiri. Kodi dzina la Mulungu likamveka pakati pa mabotolo lanyozeka, kapena lafika kumene likusoweka? Nanga mwanayu ndimuuze chiyani?

NaPhiri wa ku Area 25:

Bambo, zimene mwaonazo ndikuzikhulupirira, koma mwaona usiku umodzi wokha. Nyimbo ilibe mlandu. Chimene ndikuopa ine ndi malowo ndi nthawi yoweruka. Mchimwene wanga ankaimba gitala, naye anayambira mukwaya. Miyezi yoyamba ankamwa zoziziritsa kukhosi basi. Kenaka makasitomala okondwa anayamba kumugulira mowa m'malo momupatsa ndalama, ndipo kukana kunkaoneka ngati mwano. Pofika Lamulungu m'mawa maso ali psuu, kwaya ikumudikira. Tinamuika m'manda asanakwanitse zaka 35. Akulu a mpingowo mwina alankhula mouma, koma aika maliro ambiri otere. Musawaone ngati adani a mwana wanu.

Mphunzitsi wopuma, Balaka:

Pepani kwambiri ndi za achimwene anuzo, mayi. Komabe ndiloleni ndiikepo mlomo, poti kwathu kuno nkhaniyi tinakula nayo. Alleluya Band inayamba mu 1978 kuno ku Balaka pansi pa mpingo wa Katolika. Paul Banda anakulira mmenemo, ndipo mng'ono wake Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, anadutsanso momwemo asanayambe zake. Anyamata omwewo ankaimba pa Misa m'mawa, madzulo n'kukasangalatsa anthu muholo, ndipo nyimbo zawo zinkakamba za umphawi, ana amasiye, ulamuliro wankhanza ndi Mulungu pamodzi. Tinkavina, koma mawu ake tinkapita nawo kunyumba.

Kumbukiraninso kuti malire a chimene chili "chauzimu" akhala akusuntha. Agogo athu ankauzidwa kuti ng'oma ndi yachikunja, yoyenera kudambwe. Kwa ife Akatolika ng'oma ndi visekese zinalowa bwino m'tchalitchi utatha msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, pamene Misa inayamba kuchitika m'zilankhulo zathu. Lero ndani angaimbe Ulemu kwa Mulungu popanda ng'oma? Gitala naye anamenyedwa nkhondo yomweyo m'mipingo ina. Ine ndimaona kuti timafulumira kuweruza chida ndi malo, pamene chofunika kuyang'ana ndi khalidwe la woimbayo. Mnyamata amene akutenga ndalama yake n'kukalipirira mlongo wake sukulu, ameneyo sanatayike.

Ras wa ku Chileka:

Akuluakulu, ife okonda rege funso limeneli timalimva chaka ndi chaka. Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, koma mpaka lero nyimbo zake zikumveka m'minibasi ndi m'mabala. Tamverani mawu ake, ndi Baibulo lokhalokha: aneneri, chiweruzo, kulira kwa osauka. Ma Blacks, bandi imene Matafale anasiya, akamaimba, anthu amene sanaponde m'kachisi zaka khumi amakweza manja m'mwamba. Sindikunena kuti dansi ndi mapemphero. Ndikungoti anthu ambiri amamvera Mulungu kumeneko chifukwa kutchalitchi amachita manyazi kulowa, ena chifukwa anadulidwa. Bambo wa ovololo uja mwina ndi mmodzi wa iwo.

NaPhiri wa ku Area 25:

Achimwene, kukweza manja ndi botolo lili pambali n'kosavuta. Mawa lake munthuyo amasintha? Ine chimandiwawa n'chakuti nyimbo ya pamaliro isanduke yotsitsira mowa, mwini bala n'kumawerenga phindu. Komanso tisabise, ena amathamangira nyimbo zauzimu poona kuti n'zimene zikuyenda malonda pa maukwati ndi pa wailesi. Koma aphunzitsi anena zoona pa za khalidwe, pamenepo sinditsutsa.

Tsibweni wa ku Zingwangwa:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Mayi NaPhiri, mawu anu andilasa, chifukwa zoti makasitomala amagulira oimba mowa ndinaziona ndi maso usiku uja, kungoti sindinaziike kumtima. Dzulo titadya nsima ndinakhala naye pakhonde. Ndinamufunsa ngati amamwa, anati ayi, ndipo anandiyang'ana m'maso. Ndinamufunsanso amene anasankha nyimbo ya pamaliro ija. Anati ndi iyeyo, ndipo amaipempha Lachisanu lililonse chifukwa ndi imene tinaimba poika mayi ake kumanda a HHI, iye ali ndi zaka 14. Ndinasowa choyankha, tinangokhala chete mpaka magetsi anazima.

Tagwirizana kuti aziweruka 12 koloko isanakwane, ndipo ndalankhula ndi wa kabaza wa njinga yamoto amene timapemphera naye kuti azikamutenga. Loweruka likubwerali ndikukaonana ndi akulu a mpingo, ndipo ndawapempha kuti mnyamatayo akakhalepo adzilankhulire yekha. Ndikufuna ndikapemphenso mkulu mmodzi kuti tidzapitire limodzi ku Limbe Lachisanu lina, akakhale pakona paja ndinakhala ine.