Gulu la banja: za ulendo wa zovala zamakedzana pa 6 Julaye

Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse? Ndikukumbutsa kuti kwatsala masabata atatu kuti tifike pa 6 Julaye, tsiku limene tinapangana kuti tikawasangalatse agogo popita nawo ku Chongoni, kumene kuli zojambula zamakedzana za pa miyala, tonse titavala monga ankavalira iwo pa utsikana wawo. Akuluakulu tilipo 16, ndipo aliyense akuyenera kusonkha K20,000. Pofika usiku wathawu, anthu 9 apereka yonse, mmodzi wapereka theka, choncho m'thumba muli K190,000. Mwini kosita akufuna K150,000 yonse pofika Lachisanu, wojambula zithunzi nayenso akufuna K60,000, ndiye mukuona kuti ndalama yaperewera tisanaganize n'komwe za chakudya.

Malume Yohane: Amene sanapereke asadzakwere kosita. Nkhani imeneyi ndinainena pa Isitala anthu onse alipo, ndipo sindikuisintha.

Tadala: Tadzuka bwino achemwali. Ine yanga ndinatumiza pa Airtel Money sabata yatha, ndipo dzulo ndinali pa kaunjika ku Tsoka kuno ku Lilongwe, kumene ndapeza buluku la belu lofiirira, nsapato za pulatifomu ndi wigi ya afro. Chithunzi ndi chimenechi, mundiuze ngati sindikuoneka ngati mtsikana wa 1975.

Madalitso: Ukuoneka bwino kwambiri, koma ukuoneka ngati wa ku America, osati wa ku Bembeke.

Mayi aakulu: Mwana wanga Tadala, ndalama zako usadandaule nazo, koma ndikuuze zoona chifukwa ine zaka zimenezo ndinali kale ndi maso. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, ndipo kuyambira pamenepo mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena diresi yosabisa mawondo, kufikira 1993 pamene lamulolo linachotsedwa. Ngakhale azungu odzaona malo ankati akafika pa chipata cholowera m'dziko ankayamba agula chitenje n'kumanga pamwamba pa buluku. Mtsikana wa ku Bembeke akanatulukira pa Dedza boma atavala zimene wavalazo, sakanafika n'komwe pa msika. Ngati tikufuna kuti amayi akadzatiyang'ana adzaone nthawi yawo, akazi tivale chilundu chofika kumapazi, bulauzi ya nsalu yomweyo ndi duku, kapena diresi yaitali ya kirimpulini kwa amene angaipeze.

Malume Yohane: Achemwali anena zoona. Mabelu ankaletsedwa ngakhale kwa amuna, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali ankametedwa pagulu popanda kumufunsa. Iwe Madalitso ndi madiredi akowo ukanagona m'chitolokosi. Koma ine mfundo yanga ndi imodzi, amene sanapereke asadzakwere kosita.

Madalitso: Malume, ine ndinapereka woyamba, ndipo madiredi ndidzawabisa m'chipewa. Ndapeza safari suti ya khaki kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, angondipempha kuti ndisaisite ndi simbi ya makala yotentha kwambiri chifukwa nsalu ya tetironi sichedwa kusungunuka.

Tadala: Ndamva mayi aakulu, koma ndifunse mwaulemu: kodi tikukumbukira lamulo kapena tikukumbukira mafashoni? Agogo okha anandiuza kuti lamulolo lisanabwere anali ndi diresi yolekeza m'mawondo imene ankaivala popita ku dansi ya gumbagumba, ndipo kuti anaibisa pansi pa mphasa zinthu zitavuta. Ine ndikuona kuti tikanalola aliyense kusankha chaka chake pakati pa 1964 ndi 1979.

Mayi aakulu: Diresi imeneyo ndikuidziwa, inali ya madontho oyera, ndipo mapeto ake amayi anaiphwasula n'kundisokera ine kamalaya kopitira ku Sande sukulu. Sindikukaniza kusankha chaka, koma buluku ayi. Kukwera mwala wa ku Mphunzi ndi mapulatifomu amenewo nakonso ndi kudziputira bandeji pa bondo, chifukwa njira yopita ku zojambula zija ndi yoterera, ndipo mwezi wa Julaye kuno kumakhala mame mpaka 9 koloko. Atsikana a nthawi yathu ambiri tinkavala nsapato za pulasitiki za sofiya, za Bata zinali za Lamulungu lokha.

Mayi aang'ono: Popeza tikukamba za zovala zenizeni, ine ndifunse za suti ya malemu abambo. Pa chithunzi chimene chili pa khoma kwa amayi, chimene anajambulitsa atangobwera ku Joni, avala suti yakuda ya mizeremizere, wesikoti, chipewa cha wilisoni, ndipo wailesi ya Nzeru aiika patsogolo pa kampando. Suti imeneyo inali m'thilanki yobiriwira pamodzi ndi jekete ya ubweya ndi chilundu cha amayi cha nsalu ya Whitehead. Thilanki ija ndinaiona komaliza pa tsiku lometa. Sindikuloza munthu chala, ndikungofunsa kuti ili kuti, popeza zikanakhala bwino mdzukulu mmodzi akanadzavala suti ya agogo ake m'malo mokabwereka kwa anthu akunja.

Malume Yohane: Thilanki siyenda yokha. Amene anasunga kiyi wa chipinda cha abambo tsiku limene lija akudziwa.

Alamu (mayi a Yankho): Zikomo alamu. Popeza aliyense akudziwa kuti nkhaniyi ikunena nyumba iti, ndiyankhe ndine. Thilanki inabwera kwathu chifukwa denga la chipinda chija linkadontha, ndipo anainyamula ndi mwana wa m'nyumba mwemo, osati ine mtengwa. Chaka chilichonse ndimaitsegula, kuyanika zovala pa dzuwa ndi kuikamo mankhwala a njenjete amene ndimagula ndi ndalama zanga. Suti ili bwinobwino, kupatula batani limodzi la wesikoti, ndipo m'thumba la m'kati mukadali tikiti ya basi ya kampani yakale ya United Transport Malawi (UTM) imene sindinaichotse. Zaka zisanu ndi chimodzi palibe anafunsapo ngati njenjete zadya kapena ayi.

Mayi aang'ono: Alamu, palibe wanena kuti mwaba. Tikuthokoza posamala. Funso ndi lakuti suti idzabwera kapena ayi.

Alamu (mayi a Yankho): Ine sindingatulutse katundu wa malemu popanda mawu a bambo a Yankho.

Chisomo: Malume aang'ono, bambo a Yankho, uthenga uliwonse akuwerenga, chifukwa timizere tikusanduka tabuluu, koma kuyambira pa 20 Meyi sanalembepo kanthu. Malume, ngati muli pa ntchito ku Johannesburg, tiyankheni ngakhale usiku pa zinthu ziwiri: suti, ndi K40,000 ya inu ndi azakhali athu.

Madalitso: Kodi n'zoona kuti agogo aamuna anabwerera ku Joni chifukwa cha ndege ija?

Mayi aakulu: N'zoona. Abambo anapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, monga ankachitira anyamata ambiri a kuno ndi a ku Ntcheu. Mu 1974 ndege imene inanyamula Amalawi ochokera ku migodi inagwa ku Francistown ku Botswana, anthu oposa 70 anafa, ndipo Kamuzu analetsa kuti anthu azilembedwanso ntchito za ku migodiko. Abambo anamaliza kontirakiti yawo n'kubwerera osapitanso. Suti ija ndi imene anatsika nayo basi pa Bembeke, thilanki ili pamutu pa mnyamata wina amene anamulipira matambala. Ine ndinathawa n'kukabisala ku nkhokwe chifukwa sindinawazindikire, chipewa chinali chitaphimba maso ndipo ankanunkhira mafuta achilendo. N'chifukwa chake ndikuti suti imeneyo asavale munthu woti akakhala nayo pa mwala n'kudyera chipisi.

Madalitso: Ngati ndi choncho, ine ndikhala ndi safari suti yanga, suti ya agogo avale Yankho amene ali ndi msinkhu wawo.

Malume Yohane: Yankho avale, koma makolo ake ayambe apereka. Amene sanapereke asadzakwere kosita, kaya wavala suti ya malemu kaya wavala chiguduli.

Tadala: Nanga bwanji akazi tonse titangosoketsa nsalu imodzi ngati ija ya mbumba, ya nkhope ya Kamuzu? Ndaona ena akugulitsa pa Facebook, ndipo pa 6 Julaye zikanagwirizana ndi tsikulo.

Mayi aakulu: Imeneyo ayi, mwana wanga. Inu mumaiona yokongola pa zithunzi, koma ife tinkanyamulidwa pa malole m'bandakucha, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, kupita kukavina tsiku lonse, ndipo wokana ankadziwa chimene chimutsatire. Amayi anasiya mwana wodwala m'nyumba kangapo chifukwa cha nsalu imeneyo. Komanso pa gulu lino aliyense ali ndi chipani chake, ndipo sitikufuna kuti tsiku la amayi lisanduke msonkhano. Tisankhe nsalu ya maluwa, yopanda nkhope ya munthu.

Mayi aang'ono: Ndikugwirizana ndi achemwali. Ndafunsa telala wa pakhonde pano pa boma, ndipo wanena kuti chilundu ndi bulauzi zimafuna zitenje zitatu kuti duku ituluke pomwepo, kusoka ndi K12,000 munthu mmodzi. Koma ndikuchenjezeni kuti ameneyu ndi amene anandisokera diresi ya ukwati wa Chisomo usiku wa tsiku lomwelo, zipi n'kuiika mokhota, ndiye nsalu zifike kwa iye Lolemba lino, ndipo tidzamuuze kuti ulendo uli pa 28 Juni.

Chisomo: K12,000 imeneyo ndi ya aliyense payekha, isasokonezedwe ndi K20,000 ya gulu. Ndanena izi chifukwa wina wandiimbira kale kufunsa ngati angachotsere pomwepo.

Mayi aakulu: Duku musavutike nayo, ndidzakumangani ndekha m'mawa wa tsikulo. Amayi ankaimanga mfundo ili kumbuyo, makutu ataphimbika theka, osati milu yaitali imene mukumanga masiku ano pa zinkhoswe. Aliyense abweretsenso juzi kapena jekete yakale, chifukwa chilundu chokha mu Julaye pa Chongoni mudzanjenjemera pa zithunzi zonse. Amayi okha tidzawafunditsa jekete ya ubweya ija, ngati thilanki itsegulidwa.

Alamu (mayi a Yankho): Ndalankhula nawo bambo a Yankho pa foni tsopano lino. Akuti suti, jekete ndi chilundu zibwere, koma zidzabwerere m'thilanki tsiku lomwelo, ndipo wozinyamula ndidzakhale ine. Za ndalama akuti atumiza mwezi ukatha. Chipewa cha wilisoni m'thilanki mulibe, ndipo sichinabwerepo kwathu.

Mayi aang'ono: Chipewacho ine ndikukumbukira kuti ndinachiona pa mutu wa munthu wina ku Umhlangano ku Ntcheu zaka ziwiri zapitazo.

Malume Yohane: Chipewa abambo anandipatsa ndi manja awo asanamwalire, ndipo ndidzabwera nacho. Tisatayepo nthawi, nkhani yaikulu ndi ya kosita.

Chisomo: Zoonadi malume. Mwezi ukatha ndi pa 30 Juni, pamene mwini kosita akufuna ndalama yake Lachisanu lino. Mayina sinditchula lero, koma anthu asanu ndi mmodzi amene sanapereke, ndiponso amene anapereka theka mu Epulo n'kulonjeza kuti atsiriza akagulitsa mbatata, anditumizire pofika Lachinayi madzulo. Lachinayi likadutsa ndiika ndandanda wonse pano.

Malume Yohane: Mbatata ya kachewere mtengo wake unagwa pa Lizulu sabata yonse yathayi, aliyense akudziwa. Muphwa wanga, undiimbire pambali.