Ndithandizeni pa mayina a mafayilo a hwmon mu Linux

Akuluakulu, ndikulemba driver (pulogalamu yothandiza Linux kulankhulana ndi chipangizo) ya kachipangizo koyeza kutentha ndi liwiro la fani. Poyamba ndinatchula mafayilo a hwmon (gawo la Linux loona zinthu monga kutentha, mafani ndi voteji) mmene ndinafunira, pulogalamu ya sensors, imene imaonetsa zoyezedwazo, osaona kanthu. Nditasintha kukhala temp1_input ndi fan1_input, zonse zinatulukira. Ndaphunziranso kuti madigiri 45 amalembedwa 45000, ndiponso kuti mayina a mafayilo a ma voteji amayambira pa in0 pomwe a kutentha amayambira pa temp1.

Pandithina ndi apa: kachipangizoka kamawerenganso maola amene fani yakhala ikuzungulira, ndipo dzina logwirizana nazo sindikulipeza. Kodi ndipeke langa, ndiike maolawo ku debugfs (malo a Linux oikako zothandiza pofufuza zolakwika), kapena ndipemphe kaye osamalira hwmon avomereze dzina latsopano? Sindikufuna kusokoneza mapulogalamu a anzanga odalira libsensors (laibulale imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito powerenga mafayilo a hwmon). Amene munakumanapo nazo, munatani?