Zatsopano pa funso lija la GIL mu Python

Funso linali lakuti: kodi ma thread (tizigawo ta pulogalamu imodzi togwira ntchito limodzi) a chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python adzayamba liti kugwiritsa ntchito ma core (tizigawo towerengera) onse a purosesa? Zinthu zasintha, choncho yankho lakale, lakuti sizikutheka, silikukwananso.

Chotchinga chinali GIL (Global Interpreter Lock), loko yomwe imalola thread imodzi yokha kuyendetsa khodi ya Python pa nthawi imodzi. PEP 703, chikalata cha ganizo lolola Python kugwira ntchito popanda GIL, itavomerezedwa mu 2023, Python 3.13 inatuluka mu Okutobala 2024 ili ndi mtundu woyeserera wopanda lokoyi, python3.13t. Mu 3.14 mtunduwu si woyesereranso, komabe si umene mumaupeza mukangoika Python mwachizolowezi.

Kuti muuyese, mangani CPython, pulogalamu yaikulu yoyendetsa khodi ya Python, ndi ./configure --disable-gil, kenaka muone zomwe sys._is_gil_enabled(), yomwe imanena ngati GIL ili yoyaka, ikubweza. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Mukaitana extension ya C (gawo lowonjezera lolembedwa m'chilankhulo cha C) yomwe sinanene kudzera mu chizindikiro cha Py_mod_gil kuti ndi yokonzeka kugwira ntchito popanda GIL, GIL imadziyatsanso yokha, inu n'kungoona chenjezo. Kuika PYTHON_GIL=0 poyambitsa Python kumaizimitsa mokakamiza, koma khodi yomwe inkadalira lokoyi ikhoza kuwononga deta mwakachetechete. Ma wheel (ma package omangidwa kale, ongoika) nawonso amafunika akeake, mwachitsanzo olembedwa cp313t pa Python 3.13.

Funso lalikulu likadalipo: kodi mtunduwu udzalowa m'malo mwa wakale? Pulogalamu ya thread imodzi imachedwako, chifukwa kuwerenga ma reference (malo amene akugwiritsa ntchito chinthu chilichonse mu memory) tsopano kumafuna chitetezo chowonjezera, ndipo kusamalira mitundu iwiri kukulemetsa olemba ma package. Ife tikuona kuti amene ali ndi extension ya C ayambe kuiyesa panopa.