Chifuwa cha fumbi la ku Joni: chipukuta misozi chimakanikira pati?

Mphwa_wa_Mtheba:
Akuluakulu, ndithandizeni. Azibambo ambiri amene anapita kumigodi ya golide pa Wenela ndi pa Theba akubanika ukalamba uno, koma akapempha chipukuta misozi amamva zoti matendawo si a kumgodi. Munthu anabwerako mu 1988, kudwala wayamba posachedwapa. Mkangano umagona pati, nanga akonzeretu mapepala ati?

Nachisale:
Umagona pa nthawi. Mwala ukakuthyola mwendo pali tsiku, pali mboni. Silicosis, matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la mwala, ilibe tsiku. Fumbi la mwala wobooledwa limakhazikika m'mapapo pang'onopang'ono n'kusiya zipsera, ndipo befu amatha kuyamba patapita zaka 10, 20 kapena kuposa. Pofika pamenepo wina adzati ndi fodya, wina ukalamba, wina chifuwa chachikulu chotengera kumudzi.

Umboni wachipatala uli pawiri. Pa X-ray, silicosis imaoneka ngati timadontho tozungulira, makamaka kumtunda kwa mapapo, koma zipsera za TB yakale zimatiphimba, ndipo chithunzi chosaoneka bwino chimabwezedwa. Kwinaku ndi kuuzira mu paipi ya makina oyeza mphamvu ya mapapo, mwamphamvu mpaka mpweya kutha, kosachepera katatu. Agogo akauzira mwamanyazi zotsatira sizigwira ntchito. Ndipo asayezedwe ali pakati pa mankhwala a TB. Ayambe amaliza miyezi 6 ija.

Che Mbwana:
Musasokoneze makomo, alipo awiri. Loyamba ndi la boma la South Africa, pa lamulo la matenda a kumigodi (ODMWA) la 1973. Madokotala a MBOD, ofesi ya boma yoona za matenda a kuntchito ku Johannesburg, ndi amene amagamula. Mapapo akafooka ndi 10 mpaka 40 peresenti ndi gawo loyamba, kuposa 40 ndi lachiwiri.

Khomo lina ndi Tshiamiso Trust (thumba la ndalama za chipukuta misozi), imene inabadwa khoti litavomereza mu 2019 mgwirizano wa R5 biliyoni (marandi) pakati pa ogwira ntchito kumigodi ndi makampani 6: African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Imaona okhawo amene anagwira ntchito ya pafumbi m'migodi ya golide ya makampaniwa pakati pa 12 Marichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Mgwirizanowo unaika R70,000, R150,000 ndi R250,000 malinga ndi kukula kwa silicosis, mpaka R500,000 kwa odwalitsitsa. Zaka zimene munthu anagwira kumgodi wosakhala m'gululi zimatsitsa ndalamazo, ndiye musadabwe anzake awiri a m'chipinda chimodzi cha kukomponi akalandira zosiyana. Wa kumalasha kapena kupulatinamu asavutike kugogoda apa.

Pepala lofunika koposa ndi mbiri ya ntchito ya ku TEBA (Theba uja, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi), yokhala ndi nambala ya munthuyo, dzina la mgodi ndi masiku a kontirakiti iliyonse. Ambiri amagwa pa dzina: kalaliki analemba mmene anamvera, ena anapita pa dzina la mkulu wawo, ndiye lero sizikugwirizana ndi chiphaso cha unzika. Kapasipoti kakale, kapepala kamalipiro, ngakhale kodyedwa ndi chiswe, musataye.

Nachisale:
Ndiwonjezere za TB, poti ndi pamene anthu amakhumudwa kwambiri. TB yopanda silicosis imawerengedwa ngati inapezeka munthu ali pantchito kapena chaka chisanathe chichokereni. Wobwera mu 1988 n'kudwala TB mu 2015 sangapambane pa TB yokha. Afunse za silicosis, imene ilibe malire amenewo.

Mlembi_wa_Mudzi:
Nkhani ya amasiye ndiye yowawa. Ku South Africa, wakumgodi akamwalira banja likalola, mtima ndi mapapo zimatumizidwa ku NIOH, bungwe loona za umoyo wa pantchito, kukapimidwa. Kumudzi kuno timaika mawa lake. Chotsala ndi chiphaso cha imfa, ndipo chikangoti "natural causes" osatchula matenda, pempho limaima. Bambo akali moyo, pemphani adokotala alembe dzina la matendawo m'buku la kuchipatala, ndipo ma X-ray onse musunge.

Kalata yokana ikabwera, werengani tsiku lomaliza lochitira apilo musanayambe kukwiya. Kupempha ku Tshiamiso n'kwaulere, sikufuna loya. Wobwera ndi kaundula n'kumati "K20,000 yolembetsera" ndi dobadoba, mubwezereni pachipata.