Urea ndi organic kapena inorganic? Thandizeni

Aphunzitsi ndi akuluakulu muli muno, ndithandizeni chonde. Mwana wanga ali Fomu 3, ndipo madzulo timakhala limodzi pamkeka kuwerenga chemistry. Dzulo anandifunsa funso lomwe linandisowetsa chonena.

Nthambi za chemistry tazimvako. Organic ndi ya zinthu zokhala ndi carbon, inorganic ndi ya zitsulo ndi mchere, physical imaona kutentha ndi liwiro la kusintha kwa zinthu, analytical imapima zomwe zili m'chinthu, biochemistry ndi ya m'zamoyo.

Pavuta ndi pa urea, fetereza yemweyu tabereketsa chimanga. Ku agriculture amamutcha inorganic, koma ali ndi carbon, ndipo katswiri wa chemistry wa ku Germany Friedrich Wöhler atamupanga mu 1828 anthu anaona kuti chinthu cha organic chingapangidwe popanda chamoyo. Ndiye pa mayeso a MSCE alembe ziti? Nanga carbon dioxide, bwanji ali ndi carbon koma amaikidwa ku inorganic?

China, chidulo cha phulusa chimene agogo ake amathira m'therere, tingachiyese bwanji pakhomo popanda litmus (kapepala kosintha mtundu koyesera acid ndi alkali) kuti mwanayo aone yekha kuti ndi alkali?